Ofesi zathu zikuopa Linux koma zikugona ndi Windows yokraka

Tsiku lina m'mawa, kuli kamvula kathu kaja ka pa Mzuzu kosadziwika bwino kuti ndi mvula kapena ndi nkhungu chabe, anandiimbira foni ku kabungwe kena cha ku Katoto kuti ndithamangireko, mafayilo onse a pa fulashi ya mayi a ku akaunti asowa. Ndinakwera sakramento mpaka pageti. Ndinawapeza mayiwo atagwira tsaya, lipoti la kwa madona opereka thandizo la ndalama likufunika Lachisanu, akatsegula fulashi akungoona timashotikati tokhatokha, ukadina kamodzi kompyuta imaima kaye ngati ikuganiza kenako zii palibe chotseguka. Ndinatulutsa ka ThinkPad kanga kakale komwe ndinaikamo Linux Mint, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kubaya fulashi ija, mafoda onse ali phee pomwepo, vayirasi inangowabisa basi nkuika mashotikati m'malo mwake. Ndinakopera zonse, kufufuta zinyalalazo, kuwabwezera fulashi yawo. Mayi aja anapumira m'mwamba nkuti "achimwene Mulungu akudalitseni, ine ndimati ntchito yandithera lero."

Abwana awo atalowa anasuzumira pa sikirini yanga nkufunsa kuti kodi imeneyi ndi Windows yanji yooneka mwachilendo chonchi. Nditawafotokozera kuti si Windows, komanso kuti ingawathandize pa makompyuta awo ena akalewo, anapukusa mutu. "Ayi achimwene, ife kuno malamulo athu salola zimenezo pa netiweki, ndi Windows basi, nkhani ya chitetezo." Amanena izi ataima pafupi ndi kompyuta ya mayi aja yomwe pakona pansi panali timawu totuwa tija ta Activate Windows tosonyeza kuti laisensi sinatsimikizidwe, antivayirasi yozimitsidwa kalekale, ndipo ya pa risepushoni inali pa Windows 7 yomwe Microsoft anasiya kuisamala mu Januwale 2020. Sindinawatsutse pamaso pa antchito awo, si ulemu. Koma nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima chifukwa mawu amenewa ndawamva m'maofesi ambiri, ku Luwinga, ku Chibanja, mtauni momwemu, mpaka ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay komwe ndimapita ndi ntchito.

Tiuzane chilungamo abale anga. Mabanki, makampani akuluakulu, ndi mabungwe akunja omwe malaisensi awo amalipiridwa ku likulu ku London kapena ku Washington, amenewo ali ndi Windows yeniyeni ndipo nkhani yangayi sikuwakhudza kwenikweni. Ine ndikunena za enafe, ma SACCO, masukulu apulayiveti, malodge, timabungwe ta anthu 15 kapena 30, maofesi a mipingo, timakampani ta zomangamanga. Kumeneko akati timagwiritsa ntchito Windows nthawi zambiri amatanthauza Windows yomwe mnyamata wina anaika kuchokera pa fulashi yake nkuthira kraki pamwamba, kapulogalamu koinamiza kuti laisensi inalipiridwa. Nde tisanayambe kukangana kuti Linux ndi yotetezeka kapena ayi, tiyambe taona kaye chomwe chili pa desiki panopa.

Ndikudziwa mmene zimakhalira chifukwa nditangoyamba ntchitoyi inenso ndinkatero, ndipo sindinyadira nazo. Umafomata, umaika Windows ndi Office, kenako kuti kraki igwire umayenera kuzimitsa Defender, antivayirasi ya Windows yomweyo, chifukwa ikaiona imaidya pompo. Ukatero umazimitsanso maapudeti, kwina kuopa kuti kraki ingagwidwe, kwina kuopa kuti bandulo ya ofesi ithera pomwepo. Ndiye taganizani, kapulogalamu kotengedwa pa webusayiti yosadziwika mwini wake, mwakapatsa mphamvu zonse za admin pa kompyuta yomwe muli malipiro a antchito, manambala a kubanki, mayina a mamembala ndi ngongole zawo, ndipo mlonda mwamuchotsa nokha pageti kuti kalowe bwino. Kompyuta imeneyo ndi yomwe ili ndi chilolezo pa netiweki ya ofesi, pomwe laputopu ya Ubuntu yomwe yalandira maapudeti dzulo lomweli ndi imene ikukanizidwa. Zimenezi zimandipweteka kwambiri.

Sikuti ndikuwanyoza abwanawa, vuto lake ndimalimvetsa, ndi ndalama. Laisensi imodzi ya Windows 11 Pro pa sitolo ya Microsoft imachita pafupifupi madola 200, Office ndi payokha ndipo masiku ano akukokera aliyense kuti azilipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka pa munthu aliyense, zonsezi ndi madola osati makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anayesapo kupempha forex kubanki kuti alipire chinthu chakunja akudziwa kudikira kwake. Ofesi yomwe ikuvutika kugula dizilo wa jenereta magetsi akathima singaike malaisensi 20 patsogolo, zomveka ndithu. Koma ngati ndalama ya laisensi palibe njira yolungama ilipo, ndipo sidutsa kwa kraki.

Kenako kunabweranso nkhani ya pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwe Microsoft anasiya kupereka maapudeti aulere a chitetezo a Windows 10. Makampani ofuna kupitiriza nayo anauzidwa kuti alipire madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, mtengo nkumawirikiza kawiri chaka chilichonse mpaka zaka 3. Njira ina ndi kusamukira ku Windows 11, koma iyo ili ndi zofuna zake, imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo, zomwe zinayamba kutuluka cha mu 2017. Tsopano pitani mukagwade pansi pa madesiki a maofesi a pa Mzuzu pano mukaone nokha. Ndi ma Dell OptiPlex ndi ma HP a kaunjika, Core i5 ya 4th kapena 6th generation, ena Core i3, makina olimba abwinobwino omwe anabwera pa kontena eni ake kunja atathana nawo. Sanafe ayi, amayaka, amathamanga, ukawaikira SSD, disiki yamakono yothamanga ija, amakhala ngati atsopano, koma Windows 11 movomerezeka siwalandira. Inde ndikudziwa kuti pali njira zoikakamizira, anyamata amazidziwa bwino, koma Microsoft yemweyo ananeneratu kuti makina otero sakuwalonjeza maapudeti, nde tabwerera pomwe paja.

Wina atha kunena kuti aaa ife ndife ndani kuti akuba a pa intaneti atifune. Sakufunani inuyo ndi dzina, amangoponya chilimira ngati asodzi a usipa kunyanja, chokodwa chakodwa. Mu Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry inayenda m'maiko pafupifupi 150 kudzera pa bowo la mu Windows lomwe Microsoft anali atalitseka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makina omwe sanalandire apudetiyo anagwidwa, mafayilo kukhomedwa, uthenga pa sikirini kuti lipirani kaye. Zipatala za boma ku Britain zinafika pobweza odwala. Kumeneko kuli ndalama, kuli akatswiri, koma zinawagwera, nanga ife omwe maapudeti tinazimitsa dala? Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Kwa amene simunaionepo, Linux si chinthu cha ma hacker monga ena amaganizira. Anaiyamba Linus Torvalds mu 1991 ali mwana wasukulu pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, lero ndi yomwe imayendetsa maseva ambiri a pa intaneti, ndipo foni ya Android muli nayo m'manjayo mtima wake ndi Linux yomweyo. Rauta ya MikroTik ili pakhoma mu ofesi mwanumo nayonso pansi pake ndi Linux. Ndiye ofesi yomwe ikuti pa netiweki yathu sitilola Linux, chonsecho mafoni 30 a Android ali pa WiFi yomweyo tsiku lonse, sinaone bwino zomwe zili kale m'nyumba mwake. Mtundu wotchuka wa pa desiki ndi Ubuntu, unatuluka koyamba mu Okutobala 2004, anauyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu m'chilankhulo cha anzathu akumwerako. Zaka ziwiri zilizonse mu Epulo amatulutsa mtundu wa LTS womwe umalandira maapudeti a chitetezo kwa zaka 5 kwaulere. Ine m'maofesi ndimakonda kuika Linux Mint, yomangidwa pa Ubuntu yomweyo, chifukwa menyu ili pakona kumanzere pansi, wotchi kumanja, munthu wozolowera Windows 7 sasochera.

Tsopano tifike pomwe anzanga a IT amagwira, chifukwa iwowa ndi amene amalemba malamulo aja, abwana amangosaina. Amati Linux silowa mu domain, dongosolo lija loti seva imodzi ndiyo imasunga maakaunti ndi mapasiwedi a antchito onse. Kale zinalidi zovuta, pano ayi. Ofesi yokhala ndi Active Directory, yomwe ndi domain ya Microsoft, kompyuta ya Ubuntu imalowa kudzera pa timapulogalamu totchedwa realmd ndi SSSD, munthu amalowa ndi dzina ndi pasiwedi yake yomweyo ya pa Windows, ndipo akasiya ntchito mukatseka akaunti yake pa seva ndiye kuti watsekedwa paliponse. A Canonical, eni ake a Ubuntu, anawonjezeranso ADSys kuti malamulo ena a Group Policy, aja wa IT amaika pa seva kuti makina onse atsatire, azifika pa makina a Ubuntu, si onse ayi ndipo zina mwa izo zimafuna Ubuntu Pro, koma za tsiku ndi tsiku zimatheka. Mafoda ogawana aja mumawatcha Z drive amatseguka kudzera pa pulogalamu yaulere yotchedwa Samba, ndipo ofesi yomwe ilibe ndalama ya Windows Server, Samba yomweyo kuyambira mtundu wa 4 wa mu 2012 imatha kukhala seva yoyendetsa domain payokha. Ndinaikapo yotere pa kasukulu kena, pa kompyuta yakale yopanda ndi sikirini yomwe, ili pakona pa UPS, makina a Windows ndi a Linux onse akulowera pomwepo mwamtendere.

Komanso tisaiwale kuti ambiri mwa maofesi ndikunenawa alibe ndi domain yomwe. Aliyense ndi admin pa kompyuta yake, pasiwedi yolembedwa pa kapepala komata pa sikirini, mafayilo amayenda ndi fulashi kuchoka desiki iyi kupita desiki iyo, nchifukwa chake vayirasi ya mashotikati ija sichoka. Pamenepo palibe chomwe Linux ingasokoneze, palibe dongosolo loti liwonongeke.

Pulinta ndi pomwe pamafunika kudekha. Za HP zambiri zimangogwira, mapulinta atsopano a pa netiweki Linux imawapeza yokha osaika driver iliyonse, koma pali mafotokope ena akuluakulu, makamaka aja ofuna kakhodi ka dipatimenti usanapulinte, omwe amatha kukudyera tsiku lathunthu, ndipo masikana a mitundu ina amakana kwamtuwagalu. Nchifukwa chake ndimati musanasamutse kompyuta iliyonse yesani kaye, Linux imatha kuyaka kuchokera pa fulashi osakhudza hard disk, mupulinte tsamba limodzi, musikane limodzi, muone WiFi ndi kamera, mukakhutira ndiye muike. Safunsa anadya phula. Za imelo, Outlook ya pa desiki kulibe koma Thunderbird ilipo, ndipo ambiri ndi kale lomwe amatsegula imelo pa browser. Zoom ili ndi pulogalamu yake ya Linux. Teams anasiya pulogalamu ya Linux kumapeto kwa 2022, pano imayenda pa Chrome kapena Edge ndipo misonkhano imatheka bwinobwino. Za bandulo nazo njira ilipo, mumaika apt-cacher-ng pa kompyuta imodzi, apudeti ikatsitsidwa kamodzi makina ena onse amatengera pomwepo osabwereranso pa intaneti. Windows nayo ili ndi njira zake zotere, koma zimathandiza amene maapudeti sanazimitse.

Chinanso chomwe ndachiona kangapo. Abwana aakulu akabwera ndi MacBook kuchokera ku msonkhano ku Johannesburg, palibe wa IT amene amati malamulo salola, amalimbana nayo mpaka pulinta igwire, mpaka Z drive itseguke. Chonsecho macOS nayo si Windows. Ndiye kuti lamulo lija loti Windows yokha linasweka kale, ndipo luso losamala makina osiyanasiyana pa netiweki imodzi tili nalo tikafuna. Kwa ine lamulo labwino lisamatchule dzina la kampani iliyonse, lizinena zofunika zenizenizo, kuti makina aliwonse olowa pa netiweki akhale ndi laisensi yovomerezeka, azilandira maapudeti, wogwiritsa ntchito asakhale admin, laputopu yotuluka nayo panja disiki yake ikhale yokhoma ndi encryption, ndipo mafayilo azikhala ndi bakapu kwina. Windows yeniyeni ikhoza mayeso amenewa, Mac ikhoza, Ubuntu ikhoza, ngakhale ChromeOS Flex ya Google yomwe anaipangira makina akale omwewa ikhoza ngati intaneti yanu ndi yodalirika. Windows yokraka igwa pa funso loyamba lomwe.

Koma ndisakunamizeni ngati ogulitsa mankhwala m'basi aja oti botolo limodzi lichiza chilichonse. Pali madesiki omwe Linux sindingaike ngakhale mutandilipira. Akauntanti amene ali pa Sage Pastel kapena QuickBooks ya pa desiki, musiyeni pa Windows. Injiniya wa AutoCAD, wa mamapu amene ali pa ArcGIS Pro ndipo QGIS, ya mapu yomwe imayenda pa Linux, sanaiphunzire, asiyeni. Komanso ma Excel aja a madona odzaza ndi ma macro, timapulogalamu tija ta mkati mwa fayilo, LibreOffice, yomwe ndi yaulere yogwira ntchito ya Office, imawatsegula koma ena amasokonekera, ndipo lipoti la ndalama si malo oyeserera. Ndiye kandalama kochepa komwe kalipoko gulirani malaisensi enieni a makina 3 kapena 4 amenewo, akhale oyera, azilandira maapudeti, ngati ndi akale kwambiri amenewo ndi oyamba kusinthidwa. Otsalawo, a pa risepushoni, a mu labu ya ana asukulu, a olowetsa data, a ma field officer omwe tsiku lonse ali pa KoboToolbox, Gmail, WhatsApp Web ndi kulemba makalata, amenewo chomwe akufuna ndi browser ndi polembera basi. Ngakhale za msonkho ku MRA pano ndi Msonkho Online, pa browser pomwepo.

Dandaulo lomwe ndimalimva kwambiri ndi loti kalata yolembedwa mu LibreOffice ikafika kwa wa Word imasokonekera, matebulo kudumpha tsamba, siginecha kukapezeka yokha patsamba lachiwiri. Zimachitikadi, koma nthawi zambiri wolakwa ndi font. Calibri ndi Cambria ndi za Microsoft, pa Linux sizibwera, nde kompyuta imangoikapo ina yosiyana kukula kwake mizere nkusuntha. Mukaika Carlito ndi Caladea, zomwe zinapangidwa dala kuti zilembo zake zizifanana m'lifupi ndi ziwiri zija, gawo lalikulu la vutoli latha. Ndipo chikalata chomaliza chopita kunja kwa ofesi chizipita ngati PDF, zomwe timayenera kumachita ndi kale lomwe.

Anzathu kunja anayesa zimenezi pa makina ochuluka kwambiri ndipo nkhani zawo ziwiri ndimazikumbukira nthawi zonse. Apolisi a Gendarmerie ku France sanayambe ndi kuchotsa Windows. Cha mu 2005 anayamba ndi OpenOffice m'malo mwa Office pa Windows pomwepo, kenako Firefox ndi Thunderbird, anthu atazolowera ndi pomwe cha mu 2008 anayamba kuika Ubuntu yawo yomwe imatchedwa GendBuntu, ndipo inafika pa makompyuta oposa 70,000. Tsiku lomwe pansi panasintha, wapolisi anapeza mapulogalamu ake omwe aja amawadziwa kale, choncho phokoso linachepa. Ina ndi ya mzinda wa Munich ku Germany. Khonsolo inagwirizana mu 2003 kusamukira ku Linux yawo yotchedwa LiMux, pofika 2013 makina pafupifupi 15,000 anali atasamuka, koma mu 2017 khonsolo inavota kuti abwerere ku Windows. Anthu osaifuna Linux amaikonda nkhani imeneyi ndipo sindingawaletse, chifukwa madandaulo a antchito analipodi, mapulogalamu ena apadera a maofesi a boma ankafuna Windows, ndale nazo zinasintha atalowa meya wina. Mu 2020 olamulira mzindawo ananenanso kuti akufuna mapulogalamu otseguka pomwe nkotheka. Ndipo mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany komweko linalengeza kuti makompyuta ake pafupifupi 30,000 asamukira ku LibreOffice kenako ku Linux, taonani kuti nawonso ayamba ndi kusintha polembera osati kuchotsa Windows. Iwowo nkhawa yawo si forex ngati ife, ndi kusafuna kuti boma lonse likhale m'manja mwa kampani imodzi yakunja. Ine chomwe ndimatolapo ndi chakuti amene anayenda pang'onopang'ono, nkusiya Windows pomwe ikufunikadi, ndi amene zinawakhalira.

Ndipo si za azungu okha. Amene munapitako ku zipatala zina za boma kuno kwathu munaonapo timakompyuta togwira ndi chala polembetsa odwala, ntchito yomwe a Baobab Health anaiyamba ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, yomangidwa pa Linux ndi mapulogalamu otseguka. Unduna wa zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala pa DHIS2, nayonso yotseguka, yoyenda pa browser. Kalaliki wa kuchipatala sanafunsepo kuti pansi pa sikirini pali chiyani, chomwe amafuna nchoti akadina chitseguke.

Vuto lenileni lomwe ndimaliopa ine lili pa anthu. M'makoleji athu ambiri kuphunzira kompyuta kumatanthauza Word, Excel ndi PowerPoint, zotsatsa ntchito nazo zimalemba mayina omwewo, nde munthu akaona china amaona ngati satifiketi yake yatha ntchito. Ana a ICT a pa Mzuni Linux amaidziwa, ena amaidziwa kuposa ine, koma akamaliza ambiri amalowera ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe kuli malipiro. Ndinaonapo ofesi ina yomwe mnyamata wanzeru kwambiri anaika Linux paliponse, zonse zikuyenda bwino, koma osalemba kalikonse, pasiwedi ya root, ya admin wamkulu wa pa Linux, ili m'mutu mwake yekha, makina ena Ubuntu ena Fedora ena kaya chiyani malinga ndi chomwe chamusangalatsa mwezi umenewo. Atapeza ntchito ku Lilongwe ofesi inatsala m'madzi, wobwera pambuyo pake anangofomata zonse nkubwezera kraki, ndipo mpaka lero kumeneko ukatchula Linux amakuyang'ana ngati wabwera kudzawabera. Mutu umodzi susenza denga. Anthu awiri adziwe, mapasiwedi a admin akhale mu envelopu yomata mu sefa ya abwana, mtundu wa Linux ukhale umodzi ofesi yonse, ndipo kabuku kalembedwe kofotokoza kuti pulinta inaikidwa bwanji, bakapu imapita kuti. Ndalama yomwe simunatumize kunja pa malaisensi, ina ipite kophunzitsa antchito ndi kumulipira bwino wa IT kuti asathawe, imeneyo ndi makwacha ndipo imazungulira pa Mzuzu pompano.

Komanso ulemu kwa antchito. Mayi amene akhala pa Word zaka 15 musawadzidzimutse Lolemba m'mawa kupeza zonse zasintha osawauza, amenewo adana nayo Linux moyo wawo wonse ndipo sadzakhala olakwa. Ikani kaye LibreOffice pa Windows yawo yomweyo, khalani nawo pansi ola limodzi, muwaonetse posungira, populintira, posinthira kukhala PDF, muwapatse nambala yanu ndipo akaimba muziyankha.

Ndisaiwale kunena kuti Linux nayo ili ndi mabowo ake, ndipo Linux yosalandira maapudeti ndi yoopsa chimodzimodzi, komanso munthu wonamizidwa ndi imelo yabodza nkupereka pasiwedi yake, palibe kompyuta yomwe ingamupulumutse. Koma kusakaniza kuli ndi phindu lake. Pa 19 Julayi 2024 apudeti yolakwika ya kampani ya zachitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi Microsoft eni ake, ndege zinaima m'mabwalo, mabanki ndi zipatala zina zinasokonekera. Mlandu sunali wa Windows kwenikweni, koma omwe makina awo onse anali a mtundu umodzi anagwa onse pakamodzi. Alimi akunyanja amadziwa chifukwa chake amadzala chinangwa pambali pa chimanga, chaka chomwe chimanga chakana kondowole amakhalapo. Ofesi yomwe makina ake theka ali pa Linux, tsiku lomwe vayirasi ya Windows yalowa pa fulashi, ntchito siima yonse.

Pali ndi lamulo tsopano. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe ikufuna kuti osunga zambiri za anthu azisamale, ndipo a MACRA ndi omwe anapatsidwa udindo woyang'anira. SACCO yosunga mayina, manambala a ziphaso za unzika ndi ngongole za mamembala ake pa kompyuta yokraka yopanda antivayirasi, zinthu zikadzatuluka, a bodi adzayankha chiyani kwa mamembala pa msonkhano wa pachaka? Ine ndikanakhala membala wa bodi, funso limeneli ndikanalifunsa mwezi uno.

Ku ofesi ya ku Katoto ija ndinabwererako patapita miyezi ingapo, hard disk ya kompyuta ya pa risepushoni itafa. Ndinapempha kuonana ndi abwana paawiri, nkuwaonetsa mitengo ya kompyuta yatsopano ndi laisensi mbali iyi, mtengo wa SSD yokha mbali iyo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati "chabwino achimwene, yesani pa imodzi yokhayo, koma ikavuta mubwezere zakale." Ndinaika Linux Mint, Carlito ndi Caladea, Chrome, nkuika timashotikati ta imelo, ta makalata ndi ta foda ya ofesi pa sikirini pomwe achemwali a pa risepushoni anazolowera kudina. Tsiku loyamba anandiimbira katatu, sabata yachiwiri kamodzi kokha, amafunsa poikira manambala a masamba. Fotokope yawo mpaka pano ikukana kusikana molunjika ku kompyutayo, nde tinakonza kuti izitumiza ku foda ya pa netiweki, iwo amakatenga kumeneko. Ya mayi a ku akaunti ikadali pa Windows chifukwa cha pulogalamu yawo ya ndalama, ndipo kotesheni ya laisensi yake yeniyeni ili pa desiki ya abwana kudikira siginecha, ndikapitako Lachinayi ndikawakumbutsanso.